PAKHONDE LA BANJA: Kasileti kamene tinayenda nako pa Ilala

  M'kope lino tafuna tikambirane za kanthu kena kamene kayamba kulowa m'nyumba zathu kudzera m'zikwama za ana athu ochokera ku Joni. Kanthuko ndi kachipangizo kowerengera mabuku, ndipo ife tinakadziwa bwino paulendo wa pamadzi umene tinayenda ndi adzukulu athu awiri.

Kwathu kanafika m'chaka cha 2023. Mwana wathu amene amagwira ntchito ku Johannesburg anakatumiza kwa ana ake amene timakhala nawo, mnyamata wa zaka 12 ndi mlongo wake wa zaka 9. Titatsegula phukusi tinapeza kanthu kafulati, kotuwa, kopepuka kuposa buku la sukulu. Akunyumba atangokaona anafunsa kuti, "Kodi bambo, sukulu zayambanso masileti?" Kuyambira tsiku limenelo dzina lake pakhomo pathu ndi kasileti. M'kalata imene inali m'phukusimo mwana wathu anati waikamo mabuku ambiri a makatuni, kapena titi nthano zojambula, kuti anawo azolowere kuwerenga Chingerezi. Ife tinangoti Alhamdulillah, n'kukasiya m'manja mwa ana osakatsegula n'komwe. Apa ndi pamene tinalakwitsa, monga muonere kutsogoloku.

Kodi ndi foni?

Ambiri amene amakaona amayesa kuti ndi foni yaikulu. Komatu si foni ayi. Simungaimbirepo munthu, ndipo kanema sangaonekepo bwino. Ntchito yake ndi imodzi basi, kusunga mabuku ndi kuwaonetsa tsamba limodzilimodzi. Galasi lake ndi losiyana ndi la foni. M'kati mwake muli timatumba tambirimbiri, kalikonse kunenepa kwake ngati tsitsi limodzi la m'mutu. M'kathumba kalikonse muli madzi ndi tinthu toyera ndi takuda. Batire ikapereka mphamvu pang'ono, pena pamakwera toyera, pena takuda, ndipo zilembo kapena chithunzi zimaoneka ngati zosindikizidwa papepala. Tinthuto tikakhala m'malo mwake timangokhala pomwepo osafunanso moto mpaka mutatsegula tsamba lina.

N'chifukwa chake batire yake imakhala masabata osatha, pamene ya foni imafuna kutchaja tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chakenso padzuwa lowala zilembo zimaoneka bwino kwambiri, pamene pafoni mumachita kuphimba ndi dzanja. Lusoli analiyamba akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America m'zaka za m'ma 1990, ndipo kampani ya E Ink imene imapanga magalasi otere inakhazikitsidwa mu 1997. A Sony anatulutsa kachipangizo kawo ku Japan mu 2004, a Amazon anatulutsa Kindle mu 2007, ndipo a Kobo a ku Canada anatulutsa kawo mu 2010. Kwa zaka zambiri tizipangizo timeneti tinkaonetsa zakuda, zoyera ndi zotuwa zokha. Mu 2024 a Kobo ndi a Amazon anatulutsa toonetsa mitundu, ngakhale kuti mitunduyo imaoneka yofuwira ngati chitenje chochapidwa kambirimbiri. Kathu ife ndi ka mtundu wakale, kopanda mitundu.

Ulendo wa ku Nkhata Bay

M'mwezi wa August chaka chomwecho tinaitanidwa ku ndowa ya mwana wa mlongo wathu ku Nkhata Bay. Tinaganiza zokwera Ilala kuti anawo aione nyanja yawo yonse, pakuti ankangoidziwa pagombe la kwathu pokha. Achikulire anzathu mukudziwa kuti sitimayi ndi nkhalakale. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Kuchokera ku Monkey Bay kukafika ku Nkhata Bay ndi ulendo wogona m'njira, ndipo aliyense amene anayendapo ndi ana akudziwa kuti maola awiri oyamba amakondwa, koma kuyambira pamenepo ndi kulira, kukangana ndi kupempha ndalama ya zitumbuwa.

Tinene chilungamo, pa mbali imeneyi kasileti kanatithandiza. Kale tikanafuna kuti ana awerenge paulendo tikanasenza katoni ya mabuku pamwamba pa thumba la mpunga ndi mphatso za akwati. Apa mabuku oposa makumi asanu anali m'kanthu kolowa m'thumba la mkanjo. Anthu anali kulimbirana malo otchajira mafoni, ndipo pakati pa nyanja netiweki inkabwera n'kuthawa, koma kasileti sikanafune chilichonse mwa zimenezi, chifukwa mabuku anali atalowamo kale. Tinapita ndi kubwerera osakatchaja. Dzuwa litakwera, mnyamata anakhala panja mphepo ikumuwomba, akuwerenga bwinobwino, popanda masamba ouluka.

Tili chapatali tinaona kuti akutsegula masamba chobwerera m'mbuyo. Tinamuyandikira n'kumufunsa kuti, "Iwe, kodi buku umaliyambira kumapeto?" Iye anaseka nati, "Ayi agogo, awa ndi makatuni a ku Japan, amawatcha manga. Amayambira kumanja kupita kumanzere ngati mmene timawerengera ku madrasa. Anzanga amasokonezeka koma ine sizindivuta." Tinadabwa ndithu. Kuzolowera kwa diso kumene anakupeza pophunzira alifu ndi bee kunamuthandiza pa buku la anthu a kutali chotero. Nthano imene ankawerengayo inali ya timu ya mpira ya pasukulu. Anthu a ku Japan nthano za mpira anaziyamba kale. Ina yotchuka, Captain Tsubasa, inayamba kutuluka mu 1981, ndipo ana a m'maiko a Aluya amamudziwa mnyamata wa m'nthanoyo ndi dzina lakuti Captain Majid.

Tinaonanso kuti si makatuni onse amene amakwanira bwino pa kasileti. Galasi la kathu ndi la mainchesi 6 poyeza chopingasa kuchokera pangodya kufika pangodya inzake, pafupifupi masentimita 15. Mabuku a manga ndi aang'ono ndipo ambiri amajambulidwa ndi inki yakuda yokha, kotero amaoneka monga mwini anawajambulira. Koma makatuni a ku America ndi ku Ulaya masamba ake ndi aakulu ndiponso amitundumitundu. Tsamba lotero likapanikizidwa pa kagalasi kameneka, mawu amachepa ngati nyerere, ndipo malaya ofiira ndi obiriwira onse amasanduka otuwa. Mwana amachita kukuza chithunzi ndi zala n'kumachikokera uku ndi uku, ndipo kasileti sikathamanga ngati foni, kamayamba kaphethira kenako n'kuonetsa. Amene mukufuna kugula, dziwani zimenezi musanatulutse ndalama.

Chimene chinatikondweretsa koposa chinali cha mtsikana. Mwanayu kusukulu Chingerezi chimamuvuta, ndipo buku lopanda zithunzi akaliona amayamba kuyasamula. Koma masana a tsiku loyamba tinamupeza atazunguliridwa ndi ana asanu a anthu ena, mmodzi wa iwo mwana wa mayi wina wogulitsa usipa. Iye ankawerenga mawu a m'chithunzi mokweza, akakakamira pa liwu ankayang'ana nkhope ya wojambulidwayo n'kulota tanthauzo, kenako n'kumasulira anzakewo m'Chichewa ndi m'Chiyao. Pena ankalakwitsa, mchimwene wake n'kumukonza. Akunyumba anatigwira pamkono n'kunong'ona kuti, "Taonani bambo, mwana uja akuphunzitsa." Tinakumbukira mmene ifenso kale tinkalimbirana Malawi News kuti tione zimene Pewani wachita sabata imeneyo. Ambiri a ife kuwerenga mosakakamizidwa tinakuyambira pa zojambula zoterozo.

Pamene zinayamba kutivuta

Walira mvula walira matope. Dzuwa litalowa tinapeza kangodya koti tiswalirepo. Tinafunsa kumene kuli kumpoto, pakuti kwathu kuno Qibla ili chakumpoto mopendekera pang'ono kum'mawa, ndipo tinayala mikeka. Tinaitana mnyamata kuti akapange wudhu. Yankho lake, maso ali pagalasi, linali lakuti, "Dikirani agogo, nditsirize tsamba ili." Tinadikira. Tsamba linabala tsamba linzake. Kachitatu tinangotambasula dzanja n'kutenga kasileti kuika m'thumba la mkanjo. Tinamuuza kuti, "Mdzukulu wanga, Allah watipeputsira kale. Paulendo ngati uno Swala ya maraka anayi timaswali awiri, ndipo Maghrib ndi Isha timaloledwa kuziphatikiza. Ndiye iwe ukufuna kuti pa zochepa zomwezo achotsenso zina chifukwa cha mpira wojambula?" Anachita manyazi, nanyamuka.

Sitikunena kuti mwanayu ndi wamwano ayi. Vuto lake ndi lakuti nthano zimenezi anazikonza mwanzeru kuti tsamba lililonse lizithera pamene mtima ukufunitsitsa kudziwa chotsatira. Buku la pepala limatha, mwana n'kudzuka kukafuna lina, ndipo podzukapo amamva kuti akuitanidwa. Pa kasileti gawo loyamba likatha lachiwiri lili pomwepo, lachitatu pomwepo. Malire amene kale ankaikidwa ndi chikuto cha kumapeto tsopano ayenera kuikidwa ndi kholo.

Usiku umenewo mwera unawomba ndipo tulo tinasowa. Mtsikana ndi agogo ake aakazi atagona, tinatulutsa kasileti kuti tione tokha zimene zinali m'menemo. Kali ndi kanyali kake kowalitsa tsamba, kotero sitinavutitse aliyense. Tinayamba kutsegula buku limodzilimodzi. Ambiri anali abwino, a mpira, a nyama, a ana ofufuza akuba. Koma pakati pawo tinapeza awiri amene anatiumitsa pakamwa. Lina linali ndi zithunzi za akazi ovala mosadzilemekeza, zimene sitingathe kuzifotokoza pa tsamba lino. Linalo linali la kuphana kokhakokha, magazi tsamba ndi tsamba. Pa mndandanda mayina awo ankaoneka osalakwa ngati ena onse, ndipo kajambulidwe kake kanali kofanana ndi ka nthano ya mpira ija.

Titafika kumtunda tinaimbira mwana wathu ku Joni. Anadandaula kwambiri ndipo anapepesa. Anati iye sanasankhe mabukuwo limodzilimodzi, koma mnzake wa kuntchito anangomukopera mulu wonse kuchokera pa kompyuta yake. Iyenso, monga ife, anaganiza kuti chilichonse chojambulidwa ngati katuni ndi cha ana. Abale athu, maganizo amenewa ndi olakwika. Ku Japan, ku America ndi ku Ulaya kuli makatuni a ana, a achinyamata ndi a akuluakulu okhaokha, ndipo ambiri amalembedwa pachikuto msinkhu woyenera. Mwamwayi mnyamata anali asanafike pa mabuku awiriwo. Tinawafufuta iye akuona, ndipo tinamuuza chifukwa chake.

Apa ndiye pagona nkhani yathu ya lero. Buku la pepala lili ndi chikuto. Mwana akaligwira pakhonde, mayi ali pamtondo amatha kuona chimene akuwerenga, ndipo mwana amene ali ndi buku loipa amachita kulibisa kunsi kwa mphasa, kubisako n'kukhala chizindikiro. Kasileti kumbuyo kwake ndi kumodzimodzi nthawi zonse. Kaya mwana akuwerenga mbiri ya Maswahaba, kaya akuona zolaula, inu mukuona kanthu kotuwa ndi mwana wofatsa, n'kumayamika kuti mwalera wokonda sukulu. Mlonda amene chikuto chinkatipatsa kwaulere wachoka, ndipo palibe wina angalowe m'malo mwake koma kholo lotsegula ndi kuona.

Funso la pa Nkhotakota

Tisanamalize tikuuzeni china chimene chinachitika usiku womwewo, kuti musaganize kuti zonse zinali zodandaulitsa. Sitima itaima pa Nkhotakota, maboti akutenga anthu ndi katundu kupita nawo kugombe, mnyamata anadzuka n'kudzakhala pambali pathu. Anatipempha kuti atisonyeze buku lina limene linamuvutitsa maganizo masana. Linali la Tintin, mnyamata wa m'nthano za Hergé wa ku Belgium, lotchedwa The Red Sea Sharks, limene linatuluka koyamba m'Chifalansa mu 1958. M'nthanoyo muli Asilamu a mu Africa amene ananyamuka kupita ku Hajj ku Makka, koma anthu oipa anawanyenga kuti akawagulitse ukapolo. Mnyamata anafunsa mafunso awiri. Loyamba, "Agogo, n'chifukwa chiyani anthu akudawa anawajambula milomo chonchi, ndiponso ngati opanda nzeru?" Lachiwiri, "Kodi n'zoona kuti Msilamu angagulitse Msilamu mnzake?"

Pa funso loyamba tinamuuza kuti wojambula amajambula ndi maso a kwawo ndi a nthawi yake. Munthu yemweyo mu 1931 anatulutsa buku la Tintin ku Congo, limene anthu ambiri mpaka lero amalidzudzula chifukwa chonyoza anthu akuda, ndipo dziko la Congo panthawiyo linali m'manja mwa Belgium. Tinamuuza kuti akaona chithunzi azidzifunsa kuti wajambula ndani, ndipo akufuna kuti ine ndimuone bwanji munthu ameneyu. Funso lachiwiri linali lolemera. Tinamulozera nyali za m'tauni ya Nkhotakota n'kumuuza kuti cha m'ma 1840 pamalo pomwepo panakhazikika Jumbe Salim bin Abdallah wochokera kugombe la nyanja ya mchere. Iye ndi omutsatira anathandiza kufalitsa Chisilamu ndi ulimi wa mpunga kuderali, komanso ankachita malonda a minyanga ndi a anthu, kuwaolotsa nyanja yomweyi m'zombo kupita kutsidya, paulendo wa ku Kilwa. Tinamuuza kuti dzina la Chisilamu silimuyeretsa munthu ngati ntchito zake zili zopondereza, ndi kuti Bilal (R.A.), muazini woyamba, anali kapolo wochokera ku mtundu wa Ahabesha amene Abu Bakr (R.A.) anamuwombola.

Tinacheza mpaka sitima inanyamuka. Kwa zaka 12 tinali tisanakambepo naye nkhani imeneyi, ndipo mwina sitikanaikamba. Buku lomwelo akanaliwerenga yekha m'chipinda, akanatsala ndi chithunzi chonyoza chija m'mutu popanda womuwongolera. Kusiyana kwake kunali kwakuti pambali pake panali munthu wamkulu woti amufunse.

Nanga za zithunzi dini ikuti bwanji?

Tikudziwa kuti ena mwa inu mukufunsa kale funso limeneli. Nkhani ya kujambula zamoyo ma Ulama anaikamba kuyambira kale ndipo pa mbali zina amasiyana maganizo. Alipo amene amaletsa kujambula munthu kapena nyama mwa njira iliyonse. Alipo amene amapeputsa pa zinthu za ana ndi zophunzitsira, potengera nkhani yodziwika yakuti mayi Aisha (R.A.) ali wamng'ono ankasewera ndi zidole ndipo Mtumiki (S.A.W.) sanawaletse. Ife pano si malo opereka fatwa, kotero aliyense afunse shehe wa pamzikiti wake amene amamukhulupirira. Koma pali zina zimene tonse tiyenera kugwirizana. Buku lojambula nkhope ya Mtumiki aliyense wa Allah lisalowe m'nyumba. Lamaliseche lisalowe. Lonyoza dini, lathu kapena la anzathu, lisalowe.

Musanyengedwenso ndi liwu lakuti Msilamu pachikuto. Mu 2006 Naif Al-Mutawa wa ku Kuwait anayambitsa makatuni otchedwa The 99, a ngwazi zimene iliyonse ili ndi khalidwe lotengedwa ku mayina 99 a Allah. Ena anayamikira kuti ana a Chisilamu apeza ngwazi zawo, koma mu 2014 akuluakulu a dini ku Saudi Arabia anawadzudzula kuti mayina a Allah sayenera kuperekedwa kwa zolengedwa mwa njira yotero. M'chaka chomwecho cha 2014 kampani ya Marvel inayamba kutulutsa nthano za Kamala Khan, mtsikana wa Chisilamu wa ku Jersey City amene makolo ake anachokera ku Pakistan, ndipo wolemba wake G. Willow Wilson ndi Msilamu. M'nthanozo muli mzikiti ndi makolo, komanso muli moyo wa achinyamata a ku America umene si wonse ungagwirizane ndi malangizo a pakhomo panu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Werengani nokha musanavomere kapena kukana.

Malangizo kwa amene muli nako kapena mukufuna kugula

Choyamba, kasileti kakafika kayambe kagona m'manja mwa kholo. Tsegulani buku lililonse, poyamba, pakati ndi kumapeto. Ubwino wa makatuni ndi wakuti ngakhale amene Chingerezi chimawavuta angathe kuweruza ndi maso. Ngati simutha kukayendetsa, mwana yemweyo akutseguleni inu mukuona.

Chachiwiri, musalandire mulu wa mabuku okopedwa kwa munthu amene sanawawerenge. Kuwonjezera pa zonyansa zimene zingabisalemo, ambiri mwa mabuku oterowo ndi otengedwa popanda chilolezo cha eni ake, ndipo thukuta la munthu ndi haki yake ngakhale akhale ku Tokyo. Alipo mabuku a zithunzi amene eni ake anawapereka kwaulere. A African Storybook ndi a Book Dash a ku South Africa, komanso a StoryWeaver a ku India, ali ndi nthano za ana zimene mungatsitse pa intaneti mwachilolezo, ndipo zina zili m'zilankhulo za kuno ku Africa.

Chachitatu, ikani mabuku musananyamuke, ndipo muike ochepa. Asanu kapena asanu ndi limodzi akwanira ulendo wonse. Makatuni amadya malo ndi bandulo kuposa mabuku a mawu okhaokha, chifukwa tsamba lililonse ndi chithunzi. Mukamaliza zimitsani intaneti ya pa kasiletiko. Mukatero batire imakhalitsa, ndiponso mwana sangalowe m'sitolo ya mabuku imene ili momwemo n'kugula ndi khadi ya kubanki ya bambo ake mosadziwa. Tizipangizo tambiri tili ndi malo oikapo nambala yachinsinsi ya makolo. Pemphani amene anakutumiziraniyo akusonyezeni.

Chachinayi, samalani madzi ndi kuthyoka. Tina mwa tatsopano tinapangidwa kuti tisalowe madzi, monga Kindle Paperwhite yoyambira mu 2018, koma si tonse. Pokwera boti kupita kugombe kulungani m'jumbo ziwiri. Galasi lake silichedwa kusweka m'kati, kotero musakaike kunsi kwa thumba la ufa kapena m'thumba la kumbuyo la buluku.

Chachisanu, gwirizanani za nthawi musanakwere. Ife pobwerera tinapangana zitatu. Nthawi ya Swala ikakwana kasileti kalowe m'thumba la agogo popanda kukambirana. Pa chakudya kasaoneke. Sitima ikamayandikira doko aliyense aimirire aone dziko. Lamulo lachitatuli tinaliika chifukwa popita mnyamata anadutsa pa Likoma osaona milambe ya pachilumbapo kapena mapiri a ku Mozambique kutsidya, ndipo usiku sanaone nyali za asodzi a usipa zitandandalika pamadzi ngati mudzi. Qur'an yolemekezeka imatilimbikitsa m'malo ambiri kuyenda padziko ndi kulingalira zolengedwa za Allah. Mwana amene wayenda nyanja yonse maso ali pagalasi, thupi lokha ndi limene layenda.

Chomaliza, muuzeni mwana kuti madzulo adzakufotokozerani zimene wawerenga. Akadziwa kuti agogo kapena mayi adzafunsa, amawerenga mosamala ndipo amasankha yekha zimene sangachite nazo manyazi pozinena. Kuwongola mtengo mpoyamba.

Kope la masamu

Titabwerera kumudzi tinapeza kuti masamba a kumapeto a kope la masamu la mnyamata adzaza mabokosi ojambula ndi pensulo. Poyamba tinafuna kukalipa chifukwa makope ndi odula. Koma titayang'anitsitsa tinaona sitima, maboti a pa Nkhotakota, dengu la usipa, ndi nkhalamba ina ya chisoti itagona kukamwa kuli yasa, imene akunyumba akuti ikufanana ndi munthu wina amene amamudziwa. Mawu onse anali m'Chichewa. Titamufunsa chifukwa chake, anati, "Agogo, m'mabuku onse aja mulibe mwana wa kunyanja ngakhale mmodzi. Mulibe wopita ku madrasa, mulibe wopalasa bwato." Tinamugulira kope lina la zojambula zake zokha, ndipo tinamuuza kuti akafunse kwa shehe wake malire a zimene angajambule.

Mawu a mwanayu tikuwapereka kwa inu aphunzitsi a madrasa, makomiti a mizikiti ndi achinyamata amene Allah anakupatsani luso la pensulo. Mawu oyamba amene anatsitsidwa kwa Mtumiki wathu (S.A.W.) m'phanga la Hira anali lamulo la kuwerenga. Ana athu akufuna kuwerenga, ndipo njira yawafika mpaka m'thumba. Ngati ife sitiwalembera nthano za kwathu, za ulemu kwa makolo, za chilungamo pa sikelo ya nsomba, za mwana wamasiye wa pakhomo loyandikana, adzawerenga za eni ake, zabwino ndi zoipa zomwe. Kasileti kathu kakadalipo, ndipo kamagona m'chipinda mwathu pamwamba pa kabati. Ana amakatenga akaweruka ku madrasa ndipo amakabweza isanakwane Maghrib.

Amene muli ndi maganizo pa nkhaniyi, kapena mwakumana ndi zofanana nazo pakhomo panu, tilembereni kudzera kwa mkonzi. Allah atipatse nzeru zolerera ana athu m'nthawi ino, ndipo awateteze maso ndi mitima yawo. Ameen. Mpaka tidzakumanenso m'kope lotsatira, Insha Allah.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.